Tsiku Limene Atate Analoza Makhadi Awiri Ofiira

Ndikukumbukira Lamulungu lina la mu Disembala, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, pamene ndinagwira makhadi anayi a katoni m'manja. Tinkakhala pa komboni, nyumba za antchito a esiteti ya tiyi, m'chigwa cha Honde, kumtunda kwa Hauna. Agogo athu anachokera ku Malawi kalekale kudzathyola tiyi, ife tinabadwira komweko, ndipo m'nyumba tinkalankhula Chinyanja, panja Chimanyika. Ine sindinkalankhula kwambiri chilichonse mwa ziwirizi. Ndinali mwana wamanyazi, woti mlendo akalowa ndinkaima kuseri kwa chitseko. Zimene anzanga ankanena pakamwa, ine ndinkazilemba m'kope limene ndinkalisunga pansi pa matiresi.

Miyezi inayi tsikuli lisanafike, Atate anagwa ku fakitale. Ntchito yawo inali ya m'chipinda chimene masamba a tiyi operedwa kale amayalidwa kuti asinthe mtundu asanalowe m'makina oumitsira. Pakhoma panali wotchi, koma anzawo ankanena kuti Atate ankangotapa masamba kumanja, n'kununkhiza, n'kusuzumira kunja kuti kwacha bwanji, kenako n'kunena kuti "Tidikire kaye" kapena "Chotsani tsopano." Kuchipatala anati ndi sitiroko. Anabwerera kunyumba dzanja lamanja litafa, mwendo wamanja ukukoka, pakamwa patakhota pang'ono, ndipo mawu onse atawathawa kupatula amodzi. Mukawafunsa ngati akufuna tiyi, ankati "Eya." Mukawafunsa ngati tiyiyo wazizira, "Eya." Ngati akuwawotcha, "Eya." Anthu a pa komboni ankabwera kudzawaona, n'kumawalankhula mokweza ngati ogontha, ndipo potuluka ankanong'onezana pakhonde kuti mutu wapita.

Masewera a makhadiwo anatiphunzitsa kusukulu aphunzitsi athu a masamu. Ndinawakonda kwambiri moti ndinadula makatoni akale a tiyi n'kupanga anga, makumi asanu, n'kuwalemba ndi makirayoni. Anali amitundu isanu: ofiira, obiriwira, achikasu, abuluu ndi oyera, ndipo mtundu uliwonse unali ndi manambala kuyambira 1 mpaka 5. Pa mtundu uliwonse ma 1 anali atatu, ma 2, ma 3 ndi ma 4 awiriawiri, koma 5 mmodzi yekha. Pamasewerawa palibe wopikisana ndi mnzake. Nonse mumathandizana kumanga milu isanu patebulo, mtundu uliwonse mulu wake, kuyambira 1, kenako 2, mpaka 5. Chovuta n'chakuti makhadi ako umawagwira chotembenuza. Anzako amawaona, iwe ayi.

Ikafika nthawi yako umachita chimodzi mwa zitatu. Ukhoza kuika khadi pamulu. Ukhoza kutaya khadi pambali. Kapena ukhoza kulozera mnzako: kumuuza mtundu umodzi kapena nambala imodzi, n'kuloza makhadi ake onse amene ali otero, osasiyako. Tinkaika nyemba zisanu ndi zitatu m'sosa. Ukalozera munthu unkachotsa nyemba imodzi, ukataya khadi unkabwezamo imodzi. Nyemba zikatha, palibenso kulozera. Pambali pa sosa tinkaika timitengo ta machesi titatu. Wina akaika khadi lolakwika tinkathyola kamodzi, ndipo kachitatu kakathyoka, tonse taluza.

Amayi anayamba kusewera nane Atate atadwala, chifukwa m'nyumba munali zii kwambiri. Iwo ankathyola tiyi tsiku lonse, dengu lili kumsana, ndipo pofika kunyumba sankafuna zoganiza zambiri. Tsiku lina ndinawalozera makhadi awiri achikasu, iwo n'kundiyang'ana.

"Ndiye ndiike liti?"

"Muganize, Amayi."

"Ndaganiza kale tsiku lonse za mvula ndi za kapitawo. Tipangane. Kumunda timathyola masamba awiri ndi kansonga, apamwamba, atsopano. Akale timawasiya. Kunonso chimodzimodzi. Ukandilozera awiri, ndikuika latsopano. Zikavuta, ndikutaya lakale kwambiri."

Limenelo linakhala lamulo la m'nyumba mwathu. Khadi longotola kumene tinkaliika kumanzere, akale n'kumasunthira kumanja. Latsopano ndilo loika, lakumapeto kumanja ndilo lotaya. Lamuloli linatithandiza kwambiri. Tinasiya kuthyola machesi pafupipafupi, ndipo Amayi anayambanso kuseka.

Atate ankatiyang'ana ali pampando wawo. Tsiku lina anagogoda tebulo ndi dzanja lamanzere mpaka tinawagawira nawo. Popeza sakanatha kugwira makhadi ndi kuloza ndi dzanja limodzi lomwelo, ndinang'amba kansungwi n'kumaimika makhadi awo mumng'alumo. Pofuna kunena nambala ankakweza zala. Pofuna kunena mtundu ankakhudza mulu wa mtunduwo patebulo, kenako n'kuloza makhadi a munthu. Ankasewera bwino ndithu, koma sitinaonepo chachilendo. Lamulo la Amayi linali losavuta, ngakhale mwana wa Giredi 1 akanalitsatira. Ndiyenera kuvomereza kuti inenso ndinkawagawira makhadi chifukwa cha chisoni, ngati mmene umapatsira mwana supuni kuti azitakasa nawo.

Loweruka lina kunafika mkulu wawo wa Atate, amene ife ana obadwira kuno timawatchula Babamukuru. Ndi kalipentala ku Gaza, ku Chipinge, munthu wamawu aakulu ndi mtima wabwino. Anabwera ndi nthochi ndi buledi, anawakumbatira Atate n'kulira osabisa. Titadya, anakhala ndi Amayi pakhonde, ine ndikutsuka mbale pafupi ndi zenera.

"Mlamu, tayang'anani mikono yanu. Nyengo ya masamba ambiri ndi ino. Mukuthyola tiyi, mukunyamula munthu wamkulu, mudzagwa nanunso. Ndimutenge. Kwathu kuli anthu ambiri, ndipo chipatala cha mishoni sichili kutali, amaphunzitsako anthu otere kuyenda."

"Koma alamu, eni ake sananene."

"Anena bwanji?" Anadzuka n'kuima pakhomo. "Iwe Layitoni, ukufuna kupita nane ku Gaza?"

"Eya."

"Ukufuna kutsala kuno?"

"Eya."

Babamukuru anabwerera pakhonde akupukusa mutu. "Mwamva nokha. Thupi ndi la mng'ono wanga, koma mwini wake anachoka. Sadzadziwa n'komwe kuti wasamuka. Tinyamuka Lolemba, tikakwere basi ku Hauna."

Amayi anadzuka kukafunafuna chikwama, ndipo ndinadziwa kuti avomera. M'kope mwanga tsiku limenelo muli mizere iwiri yokha: "Lolemba akuwatenga ngati katundu. Sindinanene kanthu."

Lamulungu tinabwera kutchalitchi mvula itayamba. Inagwa masana onse, ija yosalekeza ya kwathu, mapiri onse atabisika, fungo la tiyi wa ku fakitale likulowa m'nyumba pamodzi ndi chinyontho. Chikwama cha Atate chinali chitalongedwa kale pakona. Iwo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagogoda tebulo. Ndinatulutsa makhadi.

"Ndiye njuga za m'nyumba muno?" anatero Babamukuru, akukoka mpando. "Ndigawireni nane."

Nditawafotokozera anaseka mpaka kutsokomola. "Masewera anji oti mwini wake saona, akuona ndi aneba? Ku Gaza ukagwira makhadi chonchi umabwerera kunyumba wopanda nsapato."

"Alamu, gwirani bwino, mukusuzumira."

"Sindikusuzumira, mlamu, diso langa ndi lopenyera mbali chibadwire."

Amayi anawaphunzitsa lamulo lathu la latsopano ndi lakale, iwo n'kuligwira msanga. Tinkasewera motsatana chonchi: Amayi, Babamukuru, Atate, kenako ine. Kumayambiriro komwe Babamukuru anataya khadi lawo lakale, ndipo atalitembenuza linali 3 wofiira. "Apite, wachepa," anatero. Palibe anadandaula, poti 3 wofiira wina anali akadalipo kwinakwake. Pambuyo pake iwo anathyola kamtengo ka machesi koyamba, ine kachiwiri. Kanatsala kamodzi.

Masewera anapitirira. Milu ya obiriwira, abuluu ndi oyera inakwera bwino. Wachikasu unali pa 1. Wofiira unakhalitsa pa 1 mpaka Amayi anaika 2 wofiira. Nyemba zinali zitatha m'sosa. Babamukuru anataya khadi, nyemba imodzi n'kubwerera. Inafika nthawi ya Atate.

Anayang'ana makhadi anga nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anayang'ana milu, anayang'ana makhadi otayidwa, n'kubwereranso pa ine. Kenako anatola nyemba yomalizayo, anakhudza mulu wofiira, n'kuloza makhadi anga awiri: lakumanzere, limene ndinali nditangotola, ndi lakumapeto kumanja, lakale kuposa onse.

Dzanja langa linapita lokha pa latsopano. Ndi mmene tinkachitira nthawi zonse. Koma ndisanalisolole ndinamva Babamukuru akupuma mwamphamvu.

"Basi, zatha. Mwaona, mlamu? Mwana wake yemwe akumukankhira m'dzenje."

"Alamu, sitilankhula," anatero Amayi. Koma mawu awo anali ofooka, ndipo anayang'ana pansi. Iwonso ankaona makhadi anga, ndipo iwonso anaganiza kuti Atate asokonezeka.

Tsopano ndinadziwa kuti latsopano ndi loipa, ngakhale sindinayenere kudziwa mwanjira imeneyo. Njira yosavuta inalipo. Ndikanataya limodzi la makhadi apakati, masewera n'kupitirira, aliyense n'kunena mumtima kuti Atate alakwitsa, tawakhululukira. Ndinatsala pang'ono kuchita zimenezo. Koma ndinakweza maso. Atate sankayang'ana mkulu wawo, sankayang'ana Amayi. Ankandiyang'ana ine, diso lawo lamanzere lili gwa, ngati mmene ankandiyang'anira kale ndikamawerenga masamu pakhonde, akudikira kuti ndipeze ndekha.

Ndinadzifunsa funso limene sindinadzifunsepo miyezi inayi yonseyo: bwanji ngati sanalakwitse?

Ndinayamba kuganiza za khadi lakumanja lija. Linali m'dzanja langa kuyambira pamene tinagawana. Ena onse anabwera n'kupita, ilo likungosunthira kumapeto. Chizolowezi cholemba zinthu m'kope chinandiphunzitsa kusunga zinthu motsatana, ndipo ndinayamba kubwerera m'mbuyo. Koyambirira Amayi anandilozera ma 1. Khadi limeneli sanalikhudze, ndiye si 1. Kenako Babamukuru anandilozera 2. Sanalikhudze. Pambuyo pake Atate anakweza zala zinayi n'kuloza lina. Sanalikhudze. Ndipo posachedwa Amayi anatchula 5 n'kuloza lina kuti ndisalitaye. Apanso sanalikhudze. Si 1, si 2, si 4, si 5. Palibe anandiuzapo kanthu za khadi limeneli, koma aliyense polidumpha ankandiuza chimene silili.

Linali 3. Ndipo tsopano Atate anena kuti ndi lofiira.

Ndinayang'ana makhadi otayidwa. 3 wofiira wina anali pomwepo, amene Babamukuru anamutaya. Ma 3 ofiira ndi awiri okha. Mmodzi ali pansi, wina ali kumanja kwanga. Choncho khadi latsopano silikanakhala 3, ngakhale Babamukuru akanakhala chete. Zonse zinali patebulo poyera, zikungodikira wozisonkhanitsa.

"Tiya, taya lapakati, mwanangu," anatero Amayi chapansipansi, akuphwanya okha lamulo losalankhula.

Ndinali ndisanalankhulepo pamaso pa Babamukuru mawu oposa moni. Koma ndinadziwa kuti ndikangoika khadilo mwakachetechete adzati ndi mwayi. Ndinayenera kunena ndisanalione.

"Ili lakumanja ndi 3 wofiira," ndinatero. Mawu anga anatuluka aang'ono.

"Wati bwanji?"

"Ndi 3 wofiira, Babamukuru. Womaliza. Ndikanamutaya ulendo uno, mulu wofiira sukanakweranso. Atate andiuza."

"Wasuzumira iwe."

"Sindinasuzumire."

Ndinasolola khadilo n'kuliika pamulu, maso nditatseka. Ndinangomva mvula pamalata. Nditatsegula maso, 3 wa kirayoni wanga wofiira anali atagona pamwamba pa 2.

Amayi anagwira pakamwa. Babamukuru anasuntha mpando. "Aaa. Zangochitika izi. Mwana wawerenga yekha, ndi wanzeru. Koma uyu wangoloza zofiira poti waona zofiira."

Apa Atate anagogoda tebulo, mwamphamvu, sosa n'kulira. Analoza Amayi n'kukweza chala chimodzi. Analoza mkulu wawo n'kukweza ziwiri. Anadziloza pachifuwa n'kukweza zinayi. Analozanso Amayi n'kutambasula dzanja lonse, zala zisanu. Kenako anatambalitsa mkono, anafufuza m'makhadi otayidwa pang'onopang'ono, ena akugwera pansi, mpaka anapeza 3 wofiira uja. Anamukankhira patsogolo pa Babamukuru n'kumugogoda kawiri, mbali imodzi ya nkhope yawo ikumwetulira.

Sindidzaiwala mmene ndinamvera. Zinali ngati mtambo ukachoka mwadzidzidzi pa phiri limene walizolowera, n'kuona kuti ndi lalikulu kuposa mmene umakumbukira. Munthu amene tinkamulankhula mokweza, amene tinkakamba za iye ali pomwepo, anali atasunga m'mutu kulozera kulikonse kwa masewera onse, ndani ananena chiyani, ndi khadi liti linadumphidwa. Anasunganso zimene ine ndikanatha kudziwa, n'kuyeza ngati ndingafike pamenepo.

Amayi anayang'ana makhadi otsala m'dzanja langa. "Koma bambo a Tiya, bwanji simunangokweza zala zitatu?" Atangofunsa anadziyankha okha. "Ayi. Pali 3 wina, wachikasu, watsopano kuposa uja. Akanaika ameneyo."

Anali olondola. Atate akanati 3, ndikanadziwa manambala koma osati mitundu, ndipo kuganiza kulikonse sikukanandipulumutsa. Latsopano lofiira lija linali 5. Kulozera konse kumene akanatha kupereka kunali kogwetsa munthu wongotsatira lamulo lathu. Iwo anasankha kumodzi kokha kumene munthu woganiza akanatulukirapo, n'kuika nyemba yomaliza pa ine.

Babamukuru anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Layitoni," anatero, motsitsa mawu, "unamva zonse ndinanena dzulo pakhonde?"

"Eya," anatero Atate. Koma nthawi ino anawayang'ana m'maso, ndipo Babamukuru anaweramitsa mutu.

"Ndikhululukire, mng'ono wanga. Ndinakuyesa chitseko chosamva kanthu."

Masewerawo sitinawamalize. Amayi anatenga makhadi awiri patebulo, lobiriwira ndi labuluu, n'kuwaika patsogolo pa Atate.

"Bambo a Tiya, pakamwa musiye. Yankhani ndi dzanja. Lobiriwirali ndi kutsala kuno. Labuluuli ndi kupita ku Gaza ndi alamu. Mukufuna chiyani?"

Mtima wanga unali utayamba kale kuvina. Ndinali nditawapulumutsa. Ndinkadziona ndikumasula chikwama chija, ndikubwezera malaya awo pa msomali.

Atate anaika chala pa labuluu.

"Ayi," ndinatero mokweza, osazindikira kuti ndalankhula. "Asokoneza. Afunseninso."

Mawuwo atangotuluka ndinachita manyazi, chifukwa anali mawu ofanana ndi amene Babamukuru ananena mphindi zochepa m'mbuyomo. Amayi anasinthanitsa makhadiwo, labuluu kumanzere, lobiriwira kumanja, n'kufunsanso. Chala chinatsatira labuluu. Kenako Atate anagwira dzanja la Amayi n'kulitembenuza. Linali lodzaza ming'alu ya tiyi, zala zitada, mkono utatupa pamene ankawanyamulira popita kukasamba. Analigwira choncho kuti tonse tilione. Atalisiya analoza kalendala ya tchalitchi pakhoma. Babamukuru anaitsitsa, pamodzi ndi ya chaka chatsopano imene inali kuseri kwake. Atate anatsegula masamba ndi chala chonyowa ndi malovu, Januwale, Febuluwale, Malichi, Epulo, n'kuima pa Meyi, pamene kumayamba kuzizira ndipo tiyi amachepa m'minda. Anagogoda Meyi, kenako anagogoda khadi lobiriwira.

"Akuti apita nyengo ya masamba ambiri yokha," anatero Amayi, misozi ikutsika. "Meyi abwerera."

"Meyi ndidzamubweretsa ndekha," anatero Babamukuru. "Ndikachedwa, adzandiwerengera masiku ndi zala zakezi, ndamuona."

Lolemba tinawaperekeza kumsewu. Chikwama chinali chomwecho, kabasi ka kombi komweko, njira ya ku Hauna yomweyo imene Babamukuru anakonza Loweruka. Munthu woonera patali sakanaona kusiyana kulikonse. Koma Babamukuru asanawakweze anawafunsa ngati akufuna kukhala kutsogolo kapena kumbuyo, n'kudikira chala. Ine ndinalira njira yonse yobwerera, pakati pa mizere ya tiyi wonyowa, ndipo sindikanatha kunena kuti misozi ina inali ya chiyani.

Anabweradi mu Meyi, akuyenda ndi ndodo imene mkulu wawo anawasemera, ali ndi mawu ena ochepa. Mawu ambiri sanabwerere mpaka lero. Ku fakitale sanabwererenso, ngakhale anzawo awiri amabwerabe nthawi zina ndi masamba m'kapepala kuti awanunkhize.

Tsopano ndili m'chaka changa chomaliza cha sekondale, ndipo ndaganiza za masana amenewo kambirimbiri. Poyamba ndinkati lamulo la Amayi ndilo linali lolakwika. Sindikuganizanso choncho. Amayi analipanga chifukwa anali otopa, ndipo linatinyamula m'masewera ambiri amene tikanaluza. Anthu okhala pamodzi sangaganize chilichonse kuyambira pansi tsiku lililonse. Amapangana, kuti mphamvu zitsale za zina. Ngakhale Atate ankalitsatira, mpaka tsiku limene linali loti litigwetse. Vuto linali lakuti tinalizolowera kwambiri moti munthu atachita zosiyana nalo, tonse atatu tinaona kulakwa basi. Tinali ndi lamulo linanso limene sitinalitchule pakamwa, lakuti munthu wosalankhula alibe chonena, ndipo limenelo ndi limene linatsala pang'ono kuwakweza basi osafunsidwa.

Chimene chimandichititsabe mantha ndi kuchepa kwa mpata umene unalipo. Ndikanangotaya khadi lapakati, mwachifundo, mwaulemu, palibe akanandidzudzula, ndipo sitikanadziwa. Choncho munthu akachita chinthu chimene sindikuchimvetsa, kaya mnzanga m'kalasi, kaya mayi wokalamba pamzere wa kuchipatala, ndimayesetsa kuima kaye ndisanamumvere chisoni. Ndimayamba ndaganiza kuti ali ndi nzeru zake zonse, kenako n'kufufuza chimene waona chimene ine sindinachione. Nthawi zina sindipeza kanthu, munthuyo wangolakwitsadi. Koma nthawi zina ndimapeza kuti wakhala akundidikira kuti ndifike.